Tsiku limene a Malume anadya za m'chitini

Anzanga, ine si munthu wa nthabwala, mukundidziwa. Zaka makumi atatu ndinaphunzitsa ana kuti aziwerenga funso mpaka kumapeto asanayankhe. Koma za mwezi wathawu ndi bwino ndizinene ndekha, ena asanathiremo mchere.

Mayi a kunyumba atatisiya chaka chatha, anandisiyira galu wawo wokalamba. Ndiwo anamutcha Malume, ati chifukwa amakhala ndwii pakhonde ngati munthu wodzakamba za ukwati. Ankamupatsanso ulemu wake: “A Malume adya?” Ine ndinatengera. Dzinali linali lapakhomo pathu pokha. Tsopano m'nyumba muno tatsala awiri, ine ndi iye.

Mwana wanga wa ku Lilongwe anatumiza zitini za chakudya cha agalu, poti mano a Malume anatha. Loweruka m'mawa ndinatsegula chimodzi. Fungo lake, abale, kuposa ndiwo zanga! Anaseteka mbale, nandiyang'ana, ine chisoni n'kundigwira, ndinatsegula chachiwiri.

Patangopita nthawi pang'ono, uthenga wamawu unalowa pa foni. Anali mwana uja: “Adadi, zitini zija musampatse kaye. Kampani yaziitanitsa, akuti zina mwapezeka mankhwala aja madokotala amabayira nyama kuti ife…”

Uthengawo unali wa mphindi ziwiri. Ine ndinamvera ziganizo ziwiri zokha.

Kuthamangira panja, ndinapeza Malume ali chagada m'mphepete mwa munda wa mbatata, miyendo m'mwamba, lilime panja. Kuitana, zii! Zoti galuyu anagontha kalekale, mukuganiza kuti ndinazikumbukira? Mumtima ndinkangoti chinthu chimodzi chimene mayi anandisungitsa, ndachipha ndi manja anga. Ndinasinja makala, kuswera mazira awiri, kuthira mkaka, n'kuyamba kumumwetsa. Theka linathera pa thalauza langa. Iye anangotsegula diso limodzi n'kulitsekanso.

Ndinaimbira Mayi Nabanda, apampando a mphakati wathu wa kutchalitchi, poti mwana wawo ali ndi njinga yamoto.

“Amayi, njinga msanga! A Malume adya chiphe, sakudzuka!”

“Mayo ine! Malume anu?”

“Eya, angoti gwaa kumunda, lilime…”

Foni inathima, moto unatha. Sindinadikire. Ndinaimitsa kabaza wina wa njinga yamoto amene ankadutsa, galu pamiyendo, chitini chopanda kanthu m'thumba la jekete, ulendo wa ku Linthipe kwa mlangizi wa ziweto. Njira yonse wakabaza ankangoti, “Madala, akulumani ameneyo!”

Mlangiziyo, amene ndinamuphunzitsapo m'kalasi, anatchaja foni yanga n'kuti timvere uthenga wonse. Mawu a mwana wanga anapitiriza bwinobwino: “…koma musadandaule, ndi za nambala imodzi yokha, onani pansi pa chitini.” Anatchula nambalayo. Tinatembenuza chitini. Sizinafanane ngakhale pang'ono.

“Aphunzitsi,” anatero mnyamatayo akuyesetsa kubisa mano, “galuyu wakhuta basi.”

Pamenepo n'kuti wodwala wanga atadzuka, akumeza mandasi a mlangizi amene anali pa benchi.

Ndinabwerera mtima uli m'malo, ndikuimba ndi kanyimbo komwe. Pofika pafupi ndi kwathu, masamba pamsewu! Ndinatsika njinga, kuvula chipewa monga mwa mwambo, galu ali pachingwe, n'kufunsa bambo wina motsitsa mawu:

“Zagwa kwa yani?”

Anandigwira dzanja ndi manja awiri. “Pepani, aphunzitsi. Chaka chatha mayi, lero malume.”

Kuyang'ana pakhomo panga, mipando yonse ili panja, nkhuni mulu, amuna ali pansi pa mtengo mitu pansi, amayi a mphakati ali m'nyumba akuimba nyimbo yamaliro, mphasa ataiyala kale pakati kudikira thupi. Anthu a kwathu akafuna kukukonda, sachedwa!

Nthawi yomweyo, njinga ina inaima kumbuyo kwanga. Anatsika malume anga enieni, mlongo wa mayi anga, nkhalamba ya ku Kaphuka, ndodo m'manja. Uthenga unali utafika kumudzi kwawo n'kuwapeza akupalira nyemba. Amayi amene anasuzumira pakhomo anakuwa, nyimbo inadukira pakati, wina anatulukira pawindo. Ndipo galu uja anandipulumuka, kulowa m'nyumba mwaulemu, kuzungulira kawiri, n'kugona pa mphasa.

Ndinafotokoza zonse, makala ndi mazira zili mbuu pathalauza. Malume anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako analoza galuyo ndi ndodo.

“Mphwanga, ndiye amene ndamwalirayo ndi uyu?”

“Ndi yemweyo, malume.”

“Amadya nyama ya m'chitini, akatsinzina amathamangitsidwa kwa dokotala pa njinga yamoto. Ine mwendo wandiwawa chaka chonse, waona ndani?” Anatembenukira anthu amene anayamba kunyamuka. “Musapite! Nkhuni zabwera kale. Phikani, maliro angawa ndidyeko ndidakali ndi mano.”

Nkhuku zanga zitatu zinapita tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo uthenga ndimaumvera mpaka utha, ndipo pa foni, ngakhale atandiopseza bwanji, ameneyu ndi galu basi.