Mmene ndinadzazila tsamba la uchi wa amai Daka

Panali milungu iwili imene ndinkadutsa kuseli kwa msika wa Petauke ngati ndaba nkhuku. Lelo manyazi aphwako, ndiye ndiulule.

Amai Daka amagulitsa uchi wochokela ku Sandwe, m'mabotolo omata kapepala koyela kolembedwa dzina basi. Ndi munthu wofatsa, ngakhale kuseka amaseka motsitsa. Atamva kuti ndinaphunzilako zopanga mawebusaiti (miyezi itatu yokha, koma ndinkayenda ngati intaneti ndinaiyambitsa ndine), anandiitana.

"Pali amai Mulenga a sitolo yaikulu ku Lusaka," anatelo. "Akauona bwino uchi wanga pa intaneti, azitenga mwezi ndi mwezi. Ndifuna tsamba loyela. Botolo limodzi, dzina, nambala ya foni."

"Basi?"

"Basi, bambo."

Ndinapanga tsiku limodzi, koma nditaliyang'ana mtima unandiwawa. Ine ndinakulila ku Kalindawalo, kumene pakati pa chimanga timabzala maungu ndi nyemba, ndipo munda wokhala ndi mipata ndi wa mlesi. Malo onse oyelawa angogona? Anthu adzati amai Daka analemba ntchito munthu wamanja lende.

Ndinayamba ndi njuchi ziwili zouluka mozungulila botolo. Zinaoneka zosungulumwa, ndiye zinakhala khumi. Kenaka ndinaganiza kuti mlendo sangalowe pakhomo popanda moni, ndipo ndinalemba zilembo zofiila zothwanima: "Takulandilani! Mwayenda bwanji? Nanga kunyumba?"

Mbili inafika kwa azakhali anga a ku Nyampande. "Ndamva uika anthu pa intaneti. Matimati anga alibe malo?" Malo analipo, nanga ndikananama? Kenaka anabwela a Tembo okonza njinga, amene timapemphela nawo. Pomaliza ndinaikapo nyimbo ya kwaya yathu, yoyamba yokha munthu akangotsegula. Amai Daka sindinawaonetse chilichonse (ati ndikawadabwitse).

Tsiku linakwana. Amai Mulenga ankadutsa kupita ku Chipata, ndiye tinakumana nawo ku Nyimba, pa malo odyela a m'mbali mwa mseu. Ine ndinavala tayi. Iwo anatsegula foni, kachizindikilo kouza munthu kuti adikile kaja n'kuyamba kuzungulila. Kanazungulila mpaka tiyi anazizila, poti katundu ndinasenzetsa tsambalo anali wa lole.

Mwadzidzidzi kwaya inaphulika. Mayo ine! Anthu onse anatembenuka, ndipo bambo wina patebulo lina anavula chipewa poganiza kuti tayamba mapemphelo. Chithunzi choyamba kutuluka chinali cha azakhali atanyamula beseni.

"Amai Daka," anafunsa amai Mulenga, "mugulitsa uchi kapena matimati?"

Amai Daka sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anasuzumila pafoni, n'kundiyang'ana, n'kufunsa motsitsa, "Bambo, njingazi n'zandani?"

Thukuta linatuluka mpaka m'makutu. Ndinaona kuti ndawaonongela mwai umene anaudikila zaka, ndipo ndinamva chisoni chenicheni.

Iwo anangotsegula chikwama, kutulutsa botolo ndi supuni, n'kupatsa mlendo. Amai Mulenga analawa, kutseka maso, kenaka n'kuyamba kuseka mpaka misozi.

"Uchi ndi wabwino. Koma tsambali sindingaonetse anzanga a ku sitolo. Mawa ndidutsanso pano. Ndikapeza njuchizi zikuulukabe, tisiyane."

Pomwepo ndinatsegula laputopu. Njuchi, fufute. Moni, fufute. Azakhali, pepani, fufute. Ntchito ya milungu iwili inatha pa mphindi khumi, n'kutsala botolo, dzina ndi nambala. Amai Daka anayang'ana nthawi yaitali.

"Ehee," anatelo. "Apa ndiye mwagwila ntchito."

Uchi ukupita ku Lusaka tsopano. Azakhali akafunsa za matimati awo ndimati ndi netiweki, ndipo a Tembo amandipatsa moni wa chala chimodzi. Koma ndikaona malo oyela aja, kunena zoona, zala zimandiyabwabe.

Sabata yatha amai Daka anandikola pamsika ali ndi mnzawo wosoka madelesi, amene akufunanso webusaiti. Ndinakonza kolala, kudikila kuti anditamande.

"Ndi awa ndimakuuzani aja," anatelo. "Kupanga sindinganene, koma kufufuta amadziwa kwambili."