Amene Ankalandira Nyuzipepala ya aMwale

Anzanga, nkhani iyi ndikuuzeni ndekha, chifukwa mukaimvera kwa mkazi wanga ifika itathiridwa mchere wambiri.

Mukudziwa kuti ntchito yanga ndi yokonza njinga pamsika pa boma pano pa Chadiza. Koma chaka chatha Amayi Tembo, aja ogulitsa makope ndi zolembera, anandipatsa kaganyu kena: Lolemba ndi Lachisanu, minibasi ya ku Chipata ikatsitsa mtolo wa nyuzipepala, ine ndizikwera njinga kukagawira makasitomala awo. Poyamba kanali kaganyu kabwino. Kenako anthu anayamba kuwerenga nkhani pafoni, mmodzimmodzi n'kumasiya, mpaka kunatsala a m'maofesi owerengeka ndi nkhalamba imodzi ya cha ku Mlolo, aMwale, amene kale anali ahedi a sukulu. Mwana wawo wa ku Lusaka ndiye ankawalipiriratu nyuzipepalayo kusitolo kwa Amayi Tembo, ine yanga inali miyendo basi.

Mkazi wanga Naphiri anali atatopa nazo. Inali nyengo yopalira, ndipo tsiku lina anandiuza mosapsatira. "Atate ake Dalitso, mtedza ukufera mu udzu inu muli panjinga kuperekeza pepala limodzi kutali konseko. Musankhe, khasu kapena pepala." Ndinkadziwa kuti akunena zoona, koma ndisaname, ulendo wa ku Mlolo ndinkaukonda chifukwa unkandipulumutsa kumunda.

AMwale ankakhala okha, akazi awo anatsogola kalekale. Nyumba yawo inali payokha kunja kwa mudzi, ndipo njira yake imadutsa m'mbali mwa manda, pamene mitengo imachita mdima ngakhale dzuwa lili paliwombo. Anali munthu wa chifuwa, wosakonda zolankhulalankhula. Anandilamula kuti ndikapeza potseka ndisawadzutse, ndingolowetsa pepala pansi pa chitseko. Ndikapereka moni, kawirikawiri yankho lawo linali kutsokomola basi.

Ndiye malungo anandigwetsa, ndinagona masabata awiri. Nditachira ndinauyambanso ulendo. Pabwalo pa aMwale ndinapeza phulusa lambirimbiri, zikuni zopserera, udzu utapondedwapondedwa. Munthu wobadwira kumudzi akaona phulusa lotere pakhomo amadziwa kuti anthu anagona panja pamenepo, panali zovuta. Nanga ine? Ndinangoti, ooh, aMwale anaphikitsa thobwa la olima.

"Odi, aMwale! Mwaswera bwanji?"

Kunali zii. Ngakhale nkhuku panalibe. Kenako m'kati munamveka chifuwa chija, chouma, cha munthu wamkulu. Ndinakankhira pepala pansi pa chitseko, ndipo lisanathe kulowa linakokedwa cha m'kati, pang'onopang'ono, mpaka lonse linazimirira. Ndinatsanzika mwaulemu n'kubwerera.

Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu ndinakhala pakhonde, chipewa kumanja, n'kuwakhuthulira za kumtima. "AMwale, inu ndinu akulu, tandilangizani. Akunyumba akuti ndisiye kaganyu aka. Ndisiyedi kodi?" M'kati munatsokomoledwa kawiri, kenako china chake chinagunda chitseko mwamphamvu. Ine ndinamva kuti akukana. Madzulo ndinamuuza Naphiri kuti aMwale anena kuti mwamuna sasiya ntchito chifukwa cha udzu. Naphiri anaphunzitsidwa ndi aMwale omwewo, ankawaopa kuposa bambo ake omubala, ndiye anangoti, "Ngati anena ndi ahedi, chabwino," n'kunyamula khasu yekha m'mawa mwake.

Lachisanu lotsatira kunali mitambo yakuda, mvula yosagwa, mphepo yosaomba. Nditapereka pepala, ndikubwerera, pafupi ndi manda paja ndinakumana ndi mayi wina atasenza nkhuni.

"Mukuchokera kuti, abambo, njira imeneyi?"

"Kwa aMwale, ahedi aja. Chifuwa chokha ndiye chikuwavutabe."

Mayiyo anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako analoza m'mitengo muja, pa mtumbira wa dothi lofiira lomwe linali lisanamere udzu. "AMwale ali apo. Tinawaika mwezi watha. Nyumba ija anaitseka abale, salowamo munthu mpaka adzaigwetse mvula ikatha."

"Amama, ine ndalankhula nawo pompano. Pepala alandira okha."

Nkhuni zinagwa pansi. Mayi uja sanatsanzike, ndinangoona chitenje chikupita.

Apa munthu wanzeru akanapalasa njinga kulunjika kwawo. Koma ine ndinati ayi, mayiyu wasokoneza, a Mwale ndi ambiri kuno. Ndinabwerera. Pabwalo paja tsopano ndinaona zonse zimene maso anga ankakana: pakhomo posasesa, pamoto popanda utsi, mpando wawo wa ndalema palibe. M'thumba munali pepala limodzi lotsala, la ofesi ina. Ndinagwada, ndinalilowetsa pansi pa chitseko, koma ulendo uno sindinalitaye, ndinaligwira.

Linakokedwa. Ndinakoka. Linakokedwanso, mwamphamvu. Kenako pa zala zanga panafika mpweya wofunda, wa chinthu chopuma, ndipo chifuwa chija chinamveka pafupi penipeni, kuseri kwa thabwa.

Za njinga musandifunse. Ndinafika m'mudzi wapansi, nsapato imodzi, ndikukuwa kuti aMwale abwerera, akuwerenga nyuzi m'nyumba mwawo. Mayi wa nkhuni uja anali atafalitsa kale, ndiye anthu ena ankathawa ine ndemwe. Pamapeto pake anatuluka mkulu wa mpingo atanyamula Baibulo, ndi mphwawo wa malemu, amene anasiyiridwa nyumbayo. Anthu ankatitsatira chapatali. M'njira, ndi mantha, ndinaulula zonse, mpaka za malangizo aja.

Titafika, mkulu wa mpingo anayamba pemphero. M'kati munatsokomoledwa, pemphero linadukira pakati. Mphwawo uja anangozungulira kuseri, ndipo patapita kanthawi anatiitana. Mvula inali itagumula khoma la kumbuyo, pansi pali chibowo. Tinasuzumira.

Tonde. Chimbuzi chachimuna, chandevu zake, chitaima pamphasa ya malemu, tsamba loyamba la nyuzi likulendewera kukamwa, pansi ponse pali timapepala totafunidwa ndi zitosi. Chinandiyang'ana ine, osati wina aliyense, n'kutsokomola kawiri.

Mphwawo anandifunsa mofatsa, "Ndiye paja mwati akulu anga anakulangizani kuti chiyani?"

Mkulu wa mpingo anabisa nkhope kuseri kwa Baibulo, mapewa okha akugwedezeka. Ine ndinachita manyazi oti nthaka ing'ambike, komanso chisoni chinandigwira, chifukwa munthu amene ndinkamutumikira chaka chathunthu anapita ine osaponyako ngakhale dothi. Ndisanatenge njinga ndinapempha kuti andiperekeze pamtumbira paja, ndinavula chipewa n'kupepesa.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Ndinapeza Naphiri ali pakhonde, makasu awiri atawatsamiritsa pakhoma. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ahedi anu anena chiyani lero? Mwamuna asiye kapena asasiye?"

M'mawa mwake ndinapita kwa Amayi Tembo kukatula pansi udindo. Anandinyengerera kuti nditsale ndi a m'maofesi okha, koma ndinawauza kuti ntchito imene kasitomala wake wokhulupirika kwambiri amadya katundu m'malo mowerenga, yafika pothera. Mtedza tinapalira, theka linapulumuka.

Ndinalumbira kuti sindidzapemphanso nzeru kwa munthu amene sindikumuona nkhope. Koma mpaka lero, mbuzi ikatsokomola kukhola, Naphiri amandigunda ndi chigongono. "Atate ake Dalitso, vulani chipewa, alangizi anu akulankhula."