Galavata ya Alamu Anga ndi Kamiyawu ya a Maseko

Ndinanena zoona tsiku limenelo, ndipo n'chifukwa chake mkwiyo wanga sunathe mpaka lero.

Unali mmawa wa mwezi wa Juni, chisanu cha ku Domwe chitaumitsa zala. Ine, wophunzira za uphunzitsi, ndinali nditasankhidwa kukawerenga mawu olandira alendo pa chikondwerero cha ku misiyoni ya Fonte Boa. Alamu anga anandibwereka galavata yawo yofiira, kansalu ka m'khosi kamene anavala pokwatira mlongo wanga. "Ikabwere monga yapitira," anatero akuimanga okha m'khosi mwanga (anamangitsa dala, ndikutsimikiza).

Ndinakwera kamiyawu ya a Maseko, galimoto yaikulu yonyamula mbatata ndi anthu. Injini inalira, inatsokomola, inazima. A Maseko anaithira madzi otentha, inazimanso. Anayala makala a moto pansi pake, inazimanso.

"Bambo Maseko," ndinatero mwaulemu, "injini yozizira imafuna gazolina wambiri ndi mpweya wochepa. Yanuyi ikumeza mpweya wopyola muyeso."

"Iwe mwana wa sukulu, unayendetsapo ngakhale ngolo?"

"Chotsani chivundikirocho ndikuonetseni."

Anachotsa. Ndinawerama n'kuloza kukamwa kwachitsulo kolowera mpweya, iwo n'kupukusa chitsulo cholizira injini osandichenjeza. Injini inadzuka, ndipo kukamwa kuja kunameza galavata ya alamu, khosi langa likadali momwemo!

Ndinayesa kuweramuka.

"Usasunthe!" anakuwa a Maseko. "Tamva mmene ikulirira! Ukasuntha uyenda wapansi!"

Zoonadi, nsaluyo itatseka mpweya, injini inalira mosalala. Ndinakhala chiweramire, mphuno mu utsi, mbuyo italoza apaulendo onse. Mayi wina pamwamba pa matumba anati, "Taonani ulemu wa ana a ku misiyoni, akugwadira ndi galimoto yomwe!" Anaseka mpaka khanda linadzuka kumbuyo. (Mayi amenewo sindinawakhululukire.)

Injini itatentha anandimasula. Galavata inatuluka yakuda bii, yonyowa ndi gazolina, nsonga yake itanyenyeka. Mawu aja ndinawawerenga, popanda kuphonya ngakhale limodzi, koma wansembe amene anaima pafupi nane ananunkhiza kawiri n'kusunthira kandulo kutali.

Chimene chimandiwawa n'chakuti palibe amene anati, "Mnyamata uja analondola." Ku Domwe amanena kuti galavatayo inali ndi mankhwala. Alamu anangoilandira, ndipo mlongo wanga ndiye ananena zonse, m'malo mwa awiri. Kutacha a Maseko anafika pakhomo, chipewa chili m'manja, kudzapempha nsanzayo. Alamu anawaponyera, ndipo mpaka pano amandipatsa moni akuyang'ana kumbali.

Kufotokozera anthu za injini sindinaleke, pakuti umbuli sindigwirizana nawo. Koma tsopano ndimafotokoza nditaima tsidya lina la msewu, ndikuloza ndi ndodo.