Kalata ya Amake Chisomo, Makope Makumi Awiri

Mpaka lero ndikamadutsa pa shopu yosindikiza mapepala ku Delft ndimayang'ana kumbali.

Abusa atandipempha kuti ndiphunzitse achinyamata a mumpingo mwathu kalankhulidwe kabwino, sindinakane. Ana okulira ku Cape Town kuno amayankha akuluakulu kuti "ja" maso ali pafoni. Ine ndine mlonda ku Sea Point, tsiku lonse ndimakhalira kupereka moni, ndiye ndinkadziona katswiri. Ndinalemba malamulo khumi pafoni, Loweruka n'kukasindikiza makope makumi awiri. (Kuwerenga zimene zatuluka? Aaa, katswiri ngati ine?)

Lamlungu mapemphero atatha ndinagawa mapepalawo n'kuyamba. "Lamulo loyamba: wamkulu akamalankhula, osamudula mawu!"

Tadala, mtsikana wa m'kwaya, anakweza dzanja. "Ankolo, pepalali..."

"Mwaona? Ndi zomwe ndikunenazi. Tsitsa dzanja."

Anatsitsa. Anzake ankadziluma milomo, ine n'kumati mawu akuwalowa. Kenako ndinaloza mnyamata wina, Yamikani, kuti awerenge mokweza lamulo lachiwiri. Anaimirira n'kuyamba ndi Chichewa chake chopindika:

"Amake Chisomo, ndinalakwa kukukalipirani pamaso pa alendo chifukwa cha mchere wa m'ndiwo..."

Ndinali nditasindikiza kalata yopepesa mkazi wanga, imene inagona mufoni sabata ziwiri ndikuopa kuitumiza. Kothawira kunalibe. Ndinangoti, "Malizitsa." Anawerenga yonse, mpaka pamene ndinadzitchula kuti mbuzi.

Phwete litatha, Tadala anafunsa mwaulemu: "Ankolo, bwanji simunalembepo zimene iwo analakwa?"

Phunziro linayambira pamenepo. Tinakambirana za kupepesa kopanda "koma nanunso", ndipo aliyense analemba kalata yake kuseri kwa pepalalo. Lachitatu mayi ake a Yamikani anandiimitsa pokwerera mataxi, misozi ikulengeza, akuti mwana wawo wawapepesa koyamba chibadwire. Ndinayenda monyang'wa ngati andikweza pantchito, ndipo kunena zoona ndikadanyadabe.

Koma ndisabise za kunyumba Lamlungu lija. Ndinapeza Amake Chisomo ali pakhomo, kope limodzi lili m'manja. (Amayi a mvano sachedwetsa uthenga.)

"Bambo a Chisomo, kalata yanga ndiiwerenge pomaliza ine, Delft yense atawerenga kale?"

Ndinapepesanso, ulendo uno chifukwa cha kupepesako. Kalata yachiwiriyo ndinalemba pamanja, kope limodzi lokha.