Pamene Filimu ya Ukwati Inadukira

Usiku watha ndinalota, anzanga, ndipo musaseke, pakuti ine si munthu wolota zopanda pake.

Ndinali m'kalasi momwe ndinaphunzitsa zaka zambiri, koma patebulo panalibe choko. Panali bokosi lija anandisiyira wansembe wa ku mishoni amene anajambula ukwati wanga ndi kamera yopukusa pamanja. M'bokosimo munali kachitsulo kopanira filimu, lumo lopalira, ndi kabotolo ka guluu wa fungo lolasa m'mphuno. Ndiye filimu ya ukwatiyo inali kuyenda pakhoma, ine ndili m'suti yobwereka, malemu mkazi wanga Nankhoma akutembenuka kuti andiyang'ane. Mwadzidzidzi, phwa! Yaduka pomwepo.

"Aphunzitsi," linatero lumo, "lamulo mukulidziwa. Polumikiza timadula chithunzi chimene chang'ambika, n'kupala m'mphepete, n'kupaka guluu."

"Chithunzi chimenecho ndi nkhope ya mkazi wanga," ndinayankha. "Ndiponso ukafuna kulankhula ndi ine uziyamba wakweza dzanja."

"Dzanja ndilibe, bwana."

"Fulumirani inu," kanadandaula kabotolo, "mwandisiya chosatseka, ndikuuma."

Ndiye analowa a Chikhadwe, woyendera sukulu amene ankandinjenjemeretsa ndikuyamba kumene ntchito, tayi ili pakhosi. Anati abwera kudzaona ngati ukwatiwu unakonzedwa mwadongosolo monga phunziro. Ali chilankhulire, ndevu zinatalika, nyanga zinamera, mwadzidzidzi asanduka tonde. Mbali yoduka ya filimu inali mbwee pansi, ndipo makina oonetsera filimu sakanaikulunga isanalumikizidwe. Tondeyo anayamba kuidya chakumapeto. Anadya ovina, anadya galimoto yamaluwa, anadya atsibweni anga ndi njinga yawo yomwe.

"Zikukoma," anatero akutafuna, "koma mawu oyamba anatalika."

Ndinaona kuti ndikapitiriza kuuma mutu, tsiku lonse la ukwati wathu lithera m'mimba mwa mbuzi. Ndiye ndinadula. Ndinapala, ndinapaka, ndinapana. Makina analira, n'kusolola filimu m'kamwa mwa tonde. Pakhoma Nankhoma anayambanso kutembenuka, chithunzi chinadumpha, ndipo anali atayang'ana kale kwina.

Kachidutswa kodulidwako kanatsala pakati pa zala zanga. Ndinakakweza kuzenera kuti kuwala kudutsemo. Nankhoma anali momwemo, wochepa ngati njere ya mpunga, akundiyang'ana ine ndekha.

"Bambo a Tamanda," anatero, "ngakhale lero tsinya lomwelo? Pano si pa mzere wa ana asukulu. Mwetulirani, akujambula."

Ndinayamba kumwetulira, anzanga, ndithudi ndinayamba. Koma kumsewu wina anakuwa, "Makala! Makala otchipa!" Ndinadzuka zala ziwiri zili chopanana, wamakalayo akuliza belu la njinga pageti.