Dothi la Shopu

Linali Lachitatu, nthawi ya 10 koloko m'mawa, pamene ndinafika pakhomo pa Madamu nditanyamula khasu, mwana wanga Lusayo ali kumsana, apongozi anga ali pambuyo ndi zikhomo zinayi zokhoma m'malire. Mpaka lero ndikaona khasulo ndimayang'ana kumbali.

Madamu ndi aphunzitsi ochokera ku Dedza, amachita lendi pafupi nafe ku Mlare kuno. Amagula mpunga kwa ine. Tsiku lina ndikuwayezera anandiuza za bizinesi yawo ya pa foni.

"Amake Lusayo, doti komu idadula, yabwino anthu adatenga kale. Koma doti shopu ikadali yotchipa. Mumagula lero, mawa wina akaifuna mumamugulitsa mokwera."

Ine Chichewa ndinachisiyira Sitandade 5, koma mawu oti dothi ndimawadziwa. Ndinamva kuti dothi la ku Komu ladula (ndinkati Komu ndi kufupi ndi Lilongwe), koma dothi lomangapo shopu lilipo. Atanena kuti ndikhala ndi saiti ndi adiresi yangayanga, ndinasangalala. Ndinafuna kufunsa kuti lili mbali iti ya msewu, koma ndinachita manyazi. Ndinangoti, "Ndigulireni."

Ndinawapatsa ndalama ya mpunga imene ndinkasungira malata. Madzulo ndinauza apongozi, amene amati ine sindingagulitse ngakhale madzi kwa munthu waludzu. Iwo anauza mpingo wonse.

Ndiye Lachitatu lija ndinagwada pakhonde. "Madamu, tabwera kudzaona malo aja."

Anatulutsa foni, nakandakanda. "Nawa."

Panali dzina la mpunga wanga, kadontho, kenako shopu. Basi.

Apongozi anasuzumira pafoni, anayang'ananso kuseri kwake. "Dongo lili nkhu?" anafunsa m'Chitumbuka, kuti dothilo lili kuti.

"Dothi lanji, mayi?" Madamu anaona khasu, anaona zikhomo, kenako anakhala pansi. "Mayo ine! Doti ndi kadonthoka! Mwagula dzina la pa intaneti."

"Mwana wanga anakwatira munthu wogula dontho," anatero apongozi, tsopano m'Chichewa kuti Madamu amve bwino. "Mvula ikabwera tidzafolera dontholo?"

(Lusayo anasankha nthawi yomweyo kuseka.)

Madamu anapepesa, nati ndalama sibwerera, ndipo chaka chamawa dzinalo limafuna kulipiridwanso. Koma anati ndi langa, palibe wina padziko lonse angalitenge. Apongozi anandisenzetsa zikhomo zonse pobwerera.

M'mawa mwake ndinang'amba katoni, ndinalembapo dzinalo ndi khala, kadontho ndinakadetsa kwambiri. Ndinaimika katoniyo pambali pa beseni langa la mpunga kumsewu, n'kukhomera ndi chikhomo chimodzi cha apongozi. Wogula woyamba anawerenga n'kufunsa kuti shopuyo ili kuti.

Ndinayang'ana pansi, koma ndinayankha. "Mwaimamo kale, bambo."