Pepala Likuti Bambo Anamwalira

Lolemba

Kwacha kopanda mphepo. Dzuwa lisanatuluke n'komwe kuseri kwa milambe, thukuta layamba kale. Nyenje zikulira mosapumira. Kutali cha ku njanji wina akumenya chitsulo, kamodzi, kenako chete, kenako kamodzinso. Nkhuku zikukana kutsika mumtengo.

Bambo ali pakhomo kuyambira Loweruka. Anawachita opaleshoni ya pamimba, anagona kuchipatala sabata yathunthu. Amayi analipira zonse zimene ankazidziwa, koma pazenera la malipiro anawauza kuti kwatsala K24,000. Ndiye njinga yanga inatsala kwa mlonda wa pageti ngati chikole. Njinga yopitira kusukulu. Wapansi ndi maola awiri kupita, awiri kubwera, ndipo mayeso a Fomu 3 ayamba Lolemba likubwerali.

Bilu ili m'Chingerezi, choncho wowerenga ndine. Ndaiwerenga pakhonde nditachokera kusukulu:

bedi
opaleshoni
mankhwala ogonetsa
diripi, mabotolo anayi
ulusi wosokera
nyumba yachisoni, masiku awiri, K24,000

Mzere womalizawo ndauwerenga katatu. Ndatsegula dikishonale. Mawuwo alibe tanthauzo lina, ndi kuja amasungako mitembo.

Ndadzutsa maso. Bambo ali pansi pa mtengo wa mango, akudya phala pang'onopang'ono. Chithunzithunzi chawo chilipo. Ndayang'ana kawiri.

Amayi afunsa kuti ndalama yotsalayo ndi ya chiyani. Ndati pepala likuti "zina ndi zina."

Dongosolo langa:
1. Mawa kujomba kusukulu.
2. Kukawauza kuti bambo ali moyo.
3. Kubwerako pa njinga.

Palibe chovuta apa.

Lachiwiri

Pazenera la malipiro pali mayi a magalasi. Ndawapatsa pepala. Awerenga, avula magalasi, aimirira.

"Pepa mwanawe. Anali bambo ako?"

Ndati ndi bambo anga mpaka pano.

"Inde, bambo amakhalabe bambo."

Ndafotokoza kuti ali moyo, adya phala m'mawa womwe uno. Ayang'ana pa kompyuta, ayang'ana ine. "Thupi munatenga liti?" Ndati Loweruka, pa minibasi, anakhala mpando wakutsogolo.

Kumbuyo kwanga pamzere kuli a Nachisale, aneba athu ogulitsa zitumbuwa. Ndikucheuka, agwira pakamwa. Ndikucheukanso, palibe.

Mayi a magalasi akuti iwo amangokopera zimene zalembedwa m'buku la ku nyumba yachisoni. Wosunga bukulo ndi a Jailosi, ndipo lero aperekeza maliro ku Golomoti. Ndibwere Lachinayi.

Pageti njinga yanga yamangidwa ndi tcheni ku mtengo. Tayala lakumbuyo layamba kuphwa. Mlonda wayanikapo masokosi ake.

Zimene ndaona kunyumba lero:

Galu wathu sakuyandikira bambo. Akugona patali, mutu pamiyendo, maso pa iwo. Mwina ndi fungo la mankhwala.

Bambo akukana mphasa. Masana agona pa simenti yokhayokha, chagada, manja m'mbali, mapazi pamodzi. Kale ankagona chopindika ngati mphaka. Ndaima pakhomo mpaka nditaona mimba ikukwera ndi kutsika.

Lachitatu

Pochokera kusukulu ndapeza masamba atayalidwa pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba yathu. Akabaza akutsika njinga n'kumakankha, zipewa m'manja. Ndafunsa kamwana kena kuti wamwalira ndani. Kandiyang'ana, kathawa.

Pakhomo pathu:
azimayi atakhala pansi, akuimba chapansipansi
azibambo pa mabenchi a kutchalitchi
nkhuni mitolo itatu
ufa malichero awiri
mbale ya chipepeso pa mpando

Amayi ali pakati pa azimayi, agwiridwa mapewa, akuyesa kufunsa koma aliyense akuwauza kuti alimbe mtima.

Pamene anthu amafika, bambo anali kubafa. Atuluka ndi thaulo paphewa, aona khamu, alowa m'nyumba kukavala jekete, n'kudzakhala pa benchi ndi amuna anzawo. Atsamira kwa woyandikana naye, afunsa motsitsa mawu kuti zovutazi zagwa kwa yani.

Nyimbo yaduka pakati pa liwu. Chibadwire sindinamvepo chete wotere. Ngakhale nyenje zaleka.

Palibe wathawa. Anthu angonyamuka mmodzimmodzi, kuyenda cham'mbuyo mpaka pamsewu. A Nachisale akuti iwo anangonena zimene anamva ndi makutu awo, kuti thupi linatengedwa Loweruka. "Nanga ine ndikanadziwa bwanji kuti thupilo likusamba lokha?"

Amayi andikokera kuseri kwa nkhokwe. "Zina ndi zina zako zija ndi zimenezi?" Ndavomera. Madzulo mbale ya bambo aitsuka payokha, aiika kumapeto kwa thandala.

Lachinayi

Ndajombanso. Nyumba yachisoni ili kumapeto kwenikweni kwa chipatala, kumene udzu sautchetcha kawirikawiri. Chitseko chachitsulo. Mkati firiji ikung'ung'udza ngati munthu woimba osatsegula pakamwa. Kuzizira kukutulukira pansi pa chitseko n'kumandikhudza zala zakuphazi. Kunena zoona, kukukoma.

A Jailosi ndi bambo achikulire, aafupi, a jombo zoyera, olankhula monong'ona ngati wina wagona pafupi. Ndatchula dzina la bambo. Amwetulira.

"Alendo anga aja. Adzuka bwanji?"

Atsegula buku. Dzina la bambo lilimo, pakati pa mayina awiri amene ndikuwadziwa, eni ake ali kumanda. Tsiku lolowa. Tsiku lotuluka. Pamene palembedwa kuti "wotenga thupi" pali siginecha ya bambo, ya mchira wopindika ija amasainira lipoti langa la kusukulu.

Nkhani yake ndi iyi. Atachitidwa opaleshoni, wodi inali ngati uvuni wa njerwa, fani itafa. Bambo anadzuka atanyamula diripi yawo m'mwamba, kuyenda kufunafuna kamphepo, mpaka anafika pa chitseko chomwechi. Anapempha kugona pa simenti pafupi ndi firiji. M'mawa ankabwerera kuwodi adokotala asanayambe kuona odwala. Amayi ankagona kumalo a odikirira odwala, sanadziwe kanthu.

Ndafunsa kuti nanga anawalemberanji m'buku.

"Muno simugona munthu wosalembedwa. Ndikapanda kulemba, m'mawa ndiwerenga bwanji?"

Ndapempha kuti afufute. Atseka buku, asanjikapo dzanja. Akuti pa zaka zawo zonse pa ntchitoyi anafufutapo dzina kamodzi kokha, ndipo mwini wake anabweranso sabata isanathe, ulendo umenewo atanyamulidwa.

Sindinapemphenso.

Akuti wochotsa ndalama pa bilu ndi bwana wa ofesi yekha. Amapezeka Loweruka m'mawa, ndipo mwini dzina afike yekha ndi miyendo yake. Pondiperekeza andituma kukapereka moni kwa bambo. "Uwauze kuti malo awo palibe wagonapo."

Moniwo sindinaupereke.

Lachisanu

Kusukulu benchi yonse ndi yanga. Kukhala ndekha ndinazolowera, koma osati ndi malo ochuluka chonchi. Aphunzitsi a masamu akuti amva za kwathu ndipo sakudziwa ngati apepese kapena athokoze. Andikumbutsa kuti Lolemba pepala loyamba ndi hafu pasiti seveni, wochedwa salowa.

Kunyumba anthu akubwera kudzatenga katundu wawo. A Nachisale atenga ufa, kuuyeza ndi maso ngati wachepa. Mwini nkhuni watuma mwana. Akulu a mpingo atenga mabenchi, atipempherera ataima pamsewu. M'mbale ya chipepeso munali K4,500. Obwera kudzatenga zawo atenga K7,000.

Dzuwa litapepa ndakhala ndi bambo pansi pa mango, ndawafunsa. Iwo sakuonapo vuto.

"Chibadwire sindinagonepo tulo ngati timene tija. Kulibe udzudzu, kulibe wa mkonono, kulibe wopempha fodya. Anthu aulemu." Aganiza pang'ono. "Kupatula mmodzi uja ankafunsa nthawi."

Ndadikira kuti aseke. Akungotokosa m'mano.

Ndawaphunzitsa zokanena mawa kwa bwana: "Ndili moyo, chotsani." Mawu atatu okha. Abwereza kasanu osalakwitsa. Ndawauza kuti asakawonjezere kanthu. Akuti iwo si mwana.

Loweruka

Akabaza onse a pamsewu matayala awo aphwa tsiku limodzi. Minibasi zikudutsa zodzaza. Tabwereka ngolo ya amalume. Bambo agona chagada chifukwa cha ulusi, amayi awafunditsa chitenje kumaso kuopa dzuwa, koma amayiwo atsala pakhomo. Njira yonse anthu akupatuka ndi kuvula zipewa. Pa mlatho bambo ayetsemula. Mayi wina wataya ndowa ya madzi!

Bwana wa ofesi ndi munthu wofatsa, wovala tayi ngakhale kukutentha chonchi. Ayang'ana bambo, ayang'ana pepala, avomereza kuti munthu ali patsogolo pawoyu ndi wamoyo. Mumtima ine ndayamba kale kupopa tayala.

Kenako afunsa. "Koma munagonamo, bambo?"

Mawu atatu aja asowa. Bambo ndi msungichuma wa kumphakati kutchalitchi kwathu, amati sananamepo chibatizidwire.

"Ndinagonamo, bwana. Koma pepalali lalakwa. Anali masiku atatu."

Ndawaponda phazi. Sanamve.

Bwana atenga cholembera, athokoza bambo chifukwa cha chilungamo chawo. Afotokoza mwaulemu kuti njira zilipo ziwiri:

1. Ngati bambo anagonamo monga wamoyo, ndiye kuti chinali chipinda chapadera chozizira, K30,000 pa tsiku.
2. Ngati anagonamo monga ena onse a m'menemo, K12,000 pa tsiku.

Tisankhe tokha.

Ndayesa kunena kuti bedi la kuwodi tinalipiranso masiku omwewo, munthu mmodzi angagone bwanji pawiri. Bwana akuti funso limenelo ndi lanzeru, ndikadzakula ndidzakhale loya.

Bambo awerengera pa zala. "Lembani monga ena onse."

Asaina. Ine ndasaina monga mboni, pa mzere wa "wachibale wa malemu," chifukwa fomuyo ilibe mzere wina. K24,000 ija yasanduka K36,000.

Potuluka dzuwa lili paliwombo. Bambo akuti sangakwere ngolo kukutentha chotere, komanso si ulemu kuchoka osalonjera a Jailosi. Nditsogole ndi ng'ombe, iwo abwera kukazizira.

Ndabweza ngolo yopanda kanthu. Panjira anthu akuyang'ana mkati mwake, kenako ine.

Dzuwa lalowa. Sanabwere. Amayi aphika za anthu atatu, apakula za awiri.

Lamulungu

Mitambo yaunjikana kumapiri, koma mvula ayi. Belu la Misa yoyamba landipeza panjira.

Bambo ndawapeza pakhonde la nyumba yachisoni akumwa tiyi ndi a Jailosi, nkhope yawo ili see ngati ya khanda logona bwino. Buku lili pa mpando, lotsegula. A Jailosi andipatsa cholembera. Akuti ulendo uno ndi bwino wotenga thupi akhale wachibale, kuti ku ofesi kusakhalenso chisokonezo.

Ndasaina. K48,000.

Pageti mlonda wandilola kupopa matayala kuti asawonongeke. Akuti ndizibwera kudzaiona, zinthu zikakhalitsa pamenepa zimaiwala eni ake. Ndapukuta chishalo ndi malaya, ndabwezerapo masokosi.

Mawa ndidzuka tambala woyamba. Zolembera ziwiri, rula ndi botolo la madzi ndaziika kale m'chikwama. Nsapato ndinyamula m'manja mpaka pafupi ndi sukulu.

Tabwerera wapansi, pang'onopang'ono chifukwa cha ulusi, kupuma pansi pa mlambe uliwonse. Tafika dzuwa litapendeka: ine, bambo, ndi pepala latsopano m'thumba la malaya. Njinga yatsala. Amayi atiyang'ana ali pakhomo la khitchini, atiwerenga ndi chala, abwereza kuwerenga.